Kachala ka ku Damu

Esinati ndi Lameki, ana anga. Mumandifunsa kawirikawiri kuti pamgodi ndinkagwira chiyani zaka zonse zija. Pafoni sinditha kufotokoza. Ndikayamba m'Chichewa inu mumayankha m'Chindebele, nkhani n'kufera panjira. Choncho ndalemba. Muwerenge pang'onopang'ono. Za ubwana wanga ku komboni ya Madumabisa ndazidumpha, munazimva kale kwa mayi anu.

1968

Ntchito yanga yoyamba inali yonyamula makwerero. Sukulu ndinalekera Sitandade 6. Bambo anga, amene anakumba malasha mpaka chifuwa kuwakana, anandipezera malo m'gulu la amalamya. Gulu limeneli linkasamala mawaya a lamya a kampani, a pansi pamgodi, a m'maofesi, ndi opita kumalo akutali monga kudamu. Kapitawo anali mzungu wa ku Baobab, dera la mabwana, wofiira khosi, wosaseka. Ankatilankhula m'Chilapalapa, chinenero cha pamgodi. Tsiku limene anandilola kugwira pulayazi ndinalumikiza waya bwinobwino, n'kusiya mfundo yake poyera. Anabwera, anayang'ana, anandikwapula ndi chipewa. "Faka lapa bokisi. Vala. Khiya." Ndiko kuti ika m'bokosi, tseka, khoma loko. Chilichonse chamagetsi chokhala panja chinkayenera kulowa m'bokosi lachitsulo. Lamuloli silinali lopusa. Fumbi la malasha limalowa paliponse, ndipo pansi pamgodi kamoto kochepa kamasiya akazi amasiye. Pamwamba pali mvula, anyani ndi akuba. Lamulo limeneli linandilowa m'manja. Sindinkaliganiza, monga munthu saganiza akamamanga zingwe za nsapato.

Kuchoka pamakwerero ndinakwera mapolo. Kuchoka pamapolo ndinapatsidwa mawaya onse a kunja kwa tauni. Mzungu uja anapita, anabwera ena, nawonso anapita. Ine ndinkaphunzitsa anyamata atsopano, ndipo mawu oyamba amene ankamva kwa ine anali omwe aja.

2004

Chaka chimenechi mayi anu anatisiya. Iwe Esinati unali utapita kale ku Joni. Iwe Lameki unakhala mpaka tinasesa, kenako unatsatira mlongo wako. Sindinakuletse. Pano panalibe chokugwira. Nyumba ya ku Madumabisa inandikulira. Ndinkagona chipinda chimodzi, zinazo ndinatseka.

Kuntchito zinthu zinkatha chimodzichimodzi. Mtovu wowotcherera unatha, tepi inatha, mabatire a maredio anafa osabwera ena. Anthu nawonso ankatha. Lolemba lililonse pabenchi pankasowa munthu, ukafunsa amati wawoloka malire. Kapitawo wathu tsopano anali a Dube, amene ndinawaphunzitsa ndekha kukwera polo ali mnyamata. Ukawapempha kanthu ankatambasula manja. "Aziko, madala." Ndiko kuti palibe.

Kenako akuba anazindikira kuti waya wa lamya ndi mkuwa. Wa magetsi sankamukhudza, amapha. Wathu ankangomukulunga ngati chingwe choyanikira zovala. Amene anavutika kwambiri ndi waya wa kudamu, chifukwa ankadutsa m'tchire mopanda maso a munthu.

Kudamu kuja kunali a Tembo, oyang'anira mapampu. Makolo awo anachokera ku Katete, ku Zambia. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kwawo. Mnzawo wosinthana naye ntchito anawoloka, ndipo sanabwere wina, choncho ankagona komweko m'kachipinda koyandikana ndi mapampu. Foni ya m'manja kumeneko sinkagwira, malowo ali m'chigwa. Anali ndi matenda othamanga magazi, ndipo mankhwala ankapezeka mwa apo ndi apo. M'mawa uliwonse ndinkawaimbira. Pantchito zinkatchedwa kuyesa waya. Zoona zake, a Tembo ndiwo okha amene anatsala oti n'kulankhula nawo chathu popanda wina kufunsa kuti mwati chiyani.

"Achimwene, mwafa kapena mulipo?" ankayamba choncho a Tembo.

"Ndilipo. Pampu?"

"Ikutsokomola ngati Mnyasa wina amene ndikumudziwa."

"Mwamwa mankhwala?"

"Kodi ndinu mkazi wanga?"

Zinkathera pomwepo. Zinkakwana.

Waya anabedwa, ndinaika wina. Anabedwanso, ndinasula wa kunyumba zosiyidwa n'kulumikizalumikiza. Atabedwanso, a Dube anati basi. Kuyambira pamenepo a Tembo ndinkawaona pokhapokha galimoto ikapeza dizilo yopitira kudamu. M'mawa ndinkapukusabe lamya ija mwachizolowezi, n'kumva phee.

2006

Mu ofesi ya makompyuta munali mayi Nyoni, Mnambya wa komwe kuno, wophunzira kwambiri, wa msinkhu wako Esinati. Tsiku lina anandipeza kuwekishopu.

"Baba Chisale, mukakwera pathanki ya madzi paphiri paja, damu limaoneka?"

"Denga la mapampu limaoneka."

"Popanda phiri pakati?"

"Popanda."

"Ndiye waya wanu sitikumufunanso."

Sindinaseke. Waya ndiye anakulerani inu.

Anabweretsa malaputopu awiri akale amene akuluakulu anali atawataya. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, imene kampani inkagula kale, inkafuna makina atsopano ndi ndalama zakunja. Iye anafufuta n'kuikamo ina yaulere. Anati imalembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, aliyense angathe kuitsegula m'kati n'kusintha, ndipo inapangidwa kuti iziyenda pamakina a mtundu uliwonse, ngakhale otayidwa kudzala. Ndinati ndiye ili ngati ife a ku Nyasa, kulikonse timagwira. Inalibe zithunzi. Galasi lakuda, zilembo zoyera, kamzere kakuphethira kudikira kuti ulembe. Ndinaitcha Chakuda.

Zolankhulira popanda waya zinali tizipangizo tiwiri, kalikonse kofanana ndi chala chachikulu, kobaya pambali pa laputopu kapena kunsonga ya chingwe. Tizipangizoti tinabwera ndi dalaivala wa lole kuchokera ku Botswana. Ndinatitcha Kachala. Makatoni ake anali ofanana, mtundu wofanana, dzina lofanana. Koyamba atakabaya, Chakuda chinakadziwa pomwepo n'kukapatsa dzina. Kachiwiri chinakakana. Chinangolemba kuti pabayidwa chinthu chachilendo. Mayi Nyoni anabwereka mpeni wanga, anatsegula chikhokho, anayang'ana ndi galasi langa lokuzira. Tchipi ya m'kati inali ndi nambala yosiyana. Opanga anasintha mtima, chovala n'kusiya chomwecho. Anatukwana m'Chinambya. Kubweza kunali kosatheka, lole inali itapita.

Anandifotokozera kuti chipangizo chilichonse chimafuna kapulogalamu kake kokatanthauzira kwa kompyuta, monga womasulira kukhoti. Womasulira wa banja la tchipi imeneyi analimo, koma nambala yatsopanoyi sankaidziwa. Popeza pulogalamuyo inali yotseguka, mayi Nyoni anatha kulembamo nambalayo yekha. Kenako panafunika kumanganso mtima wonse wa pulogalamu. Laputopu inayamba m'mawa, zilembo zikungotsika ngati nyerere. Masana magetsi anazima, batire yokalamba inagwira pang'ono n'kufa. Mawa lake tinayambiranso, nditalumikiza batire ya thirakitala. Ntchitoyo inatha dzuwa likupendeka. Kachala kanadziwika, koma kanafunanso kafayilo kena kochokera kwa opanga. Kameneko anakakoka pa intaneti kudzera pa lamya ya mu ofesi, mwapang'onopang'ono, kakuduka n'kuyambiranso. Waya ameneyo ndinamuika ndine. Waya wanga anadzibweretsera yekha womulowa m'malo.

Atatha zonsezi anandikhazika pampando. Anandiphunzitsa kudzutsa Kachala ndi lamulo lotchedwa ifconfig, kukauza dzina la netiweki ndi mawu achinsinsi, kufufuza ngati kakumva mnzake, ndi ping, imene ine ndinkaitcha kugogoda. Ukagogoda, kompyuta ya uko imayankha yokha, ngakhale palibe munthu. Panalinso kapulogalamu kolemberana, galasi logawika pakati, iwe pamwamba mnzako pansi. Ndinkalemba ndi chala chimodzi.

"Baba, si msomali umenewo. Musakhome."

"Zala zanga ndi za pulayazi."

"Ndiye uzani pulayazi kuti chilembo chachikulu ndi chaching'ono si zofanana."

Madishi awiri a wailesi yakanema tinawatola ku Baobab, panyumba za anthu amene anapita osatsanzika. Kachala kankakhala kutsogolo kwa dishi, pamalo pamene mafunde amasonkhana. Dishi ina tinaiika m'kachipinda ka pathanki, yoyang'ana pazenera lopanda galasi. Chipindacho chinali pamwamba, chokhoma, cha mlonda wake. Ina tinapita nayo kudamu tsiku limene dizilo inapezeka. Mayi Nyoni anatsala pathanki. Ine ndinakwera padenga, ndinamanga Kachala ndi mphira wa tayala mongoyembekezera, ndinatembenuza dishi pang'onopang'ono. Chinagwira. A Tembo anafunafuna zilembo nthawi yaitali, lilime lili panja, n'kulemba kuti NDANI UYO. Yankho linabwera. Anavula chipewa.

Tinamasula zonse n'kubwerera nazo, poti mphira si ntchito. Mayi Nyoni anati, "Mbali yanga yatha, baba. Kumanga zolimba ndi kwanu." Mwezi womwewo anandiuza kuti wapeza ntchito ku Botswana. Anali ndi ana awiri, ndipo malipiro ankasungunuka munthu asanafike kushopu. Ndinamunyamulira chikwama mpaka ku Thomson Junction. Sitima inachedwa. Tinadikira pabenchi mpaka inafika.

2007

Ndinamanga zolimba. Dishi ndinaikhomera padenga la kudamu ndi mabawuti. Chingwe ndinachilowetsa m'paipi. Kachala ndinakapangitsira bokosi kwa wowotcherera wathu, lachitsulo chokhuthala, lokongola, chitseko chake choyang'ana kudishi, chokhala ndi mphira wotchinga fumbi ndi loko wamkuwa. Ndinalipaka penti yotsala ya mtundu wa phulusa. A Dube atabwera kudzaona anagwedeza mutu. "Iyi ndiye ntchito ya kale, madala."

Ndinabwerera pathanki, ndinagogoda. Phee.

Ndinaganiza kuti ndalakwitsa chilembo. Ndinalemba zonse kuyambira pachiyambi. Phee. Ndinafufuza. Chakuda chinati Kachala kadzuka, kali bwino, koma sikakumva aliyense. M'kati mwa pulogalamuyo muli mabuku ake ofotokoza lamulo lililonse, m'Chingerezi chouma. Ndinkawawerenga mzere ndi mzere, chala chili pagalasi, mawu ena ndikuwadziwa, ena ndikungowalambalala ngati chitsa. Ndinasintha tchanelo. Ndinalembanso mawu achinsinsi mbali zonse ziwiri. Ndikapeza ndalama ya foni ndinkatumiza uthenga ku Botswana, ndipo mayi Nyoni ankayankha nthawi zonse. Dzina la netiweki ndi lofanana? Inde. Dishi sinapotoke? Ayi. Mitengo sinaphuke masamba pakati? Ndinapita ndi chikwanje, ndinasadza nthambi za mitsanya imene sinalakwe kanthu. Chingwe? Ndinasintha. Kenako anafunsa kuti, pali chimene mwasintha kuyambira tsiku lija chinagwira? Ndinayankha kuti palibe. Sindinaname. Kwa ine bokosi silinali kusintha. Linali kumaliza ntchito.

Mvula inatha, kunayamba kuzizira. Ntchito ina inalibe zipangizo, choncho masiku ambiri ndinkakhala m'kachipinda ka pathanki ndekha. Mphepo inkalowa pazenera ndi fungo la malasha oyaka pansi pa nthaka. Kutali ndinkaona denga la a Tembo likuwala. Munthu alipo, ukuona pamene ali, koma mawu osafika. Kunyumba ndinkapeza chimodzimodzi. Kutchalitchi nyimbo zathu zinatsala ndi nkhalamba zochepa, achinyamata ankangogwedeza milomo. Panali masiku amene ndinkafika madzulo n'kuzindikira kuti mawu okha amene ndanena tsiku lonse ndi moni kwa mlonda.

Ulendo wina galimoto itapita kudamu, tinapeza a Tembo ali ndi bala pachipumi. Anati chitseko. Nditawapanikiza anavomera kuti anachita chizungulire n'kugwa pafupi ndi pampu, ndipo anadzuka dzuwa litasuntha.

"Mukanafa tikanadziwa liti?"

"Madzi akanasiya kutuluka ku Baobab. Mabwana akanathamanga."

Anaseka. Ine sindinaseke.

Loweruka lotsatira ndinapita panjinga. Njira ija ili ndi njovu, koma m'mawa zimakhala kumadzi. Ndinasiya Chakuda cha kudamu chikugogoda chosalekeza, ndinauza a Tembo kuti akhale pamenepo ayang'ane. Ndinakwera padenga. Ndinkaganiza kuti mwina mavu amanga m'bokosi, kapena nyerere zalowa pobayira chingwe. Ndinatsegula loko, ndinakankha chitseko. Munali mwaukhondo ngati m'chipatala. Pansi ndinamva kukuwa.

"Achimwene! Chanu chija chayamba kulongolola!"

Ndinatseka bokosi, ndinakhoma, ndinatsika msanga. Pagalasi panali phee.

"Mwamwa kachasu?"

"Ndikanakhala naye ndikanakupatsani? Chinalemba, ndinaona ndi maso angawa."

Ndinakweranso. Ndinatsegula.

"Chayamba!"

Ndinatseka.

"Chaleka!"

Ndinatsegula.

"Chayamba! Kodi mukusewera ndi ine, Mnyasa inu?"

Ndinakhala pansi padenga lotentha lija. Ndinayang'ana bokosi langa nthawi yaitali.

Pobwerera ndinaima pamtunda pamene foni imagwira, ndinatumiza uthenga. Mayi Nyoni sanalembe, anaimba. Poyamba anaseka mpaka kutsamwa. Kenako analeka.

"Baba, mafunde amenewa sadutsa chitsulo. Mwakatsekera m'manda. Pepani, sindinakuuzeni. Ndinkayesa aliyense amadziwa."

"Nanenso bokosi sindinalitchule. Ndinkayesa aliyense amadziwa."

Anati kakhale m'pulasitiki, china chilichonse chosalowa madzi, koma chitsulo ayi, ngakhale sefa.

Lolemba ndinapita kwa a Dube. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Sanali munthu woipa. Anali wotopa.

"Madala, lamulo limeneli munandiphunzitsa ndinu. Munandikwapula ndi chipewa."

"Ndikukumbuka."

"Akuluakulu anena kuti katundu akabedwa ali wosakhoma, mlandu ndi wa amene anamuika. Amachotsedwa ntchito. Nyumba ya ku Madumabisa ndi ya kampani. Mwatsala pang'ono kupuma. Mukufuna kukagona kuti?"

"Nanga a Tembo?"

"Ine sindingakuuzeni kuti chotsani bokosi. Pakamwa panga sipatuluka zimenezo."

"Sindinapemphe pakamwa panu. Ndimafuna mudziwe."

Anayang'ana kumbali. "Sindinamve kanthu, madala."

Musaganize kuti zinali zophweka. M'nyumba imene ija munabadwira inu nonse. Mango ali kuseri anabzala mayi anu. Kwathu ku Dedza ndinapitako kamodzi ndili mwana, palibe amene angandidziwe. Akanandichotsa ndikanapita kuti? Ndipo panali chinanso. Zaka zonse za ntchito yanga sindinasiyepo kanthu poyera. Manja ankakana. Ndinakhala masiku angapo ndikuzungulirazungulira pawekishopu. Kenako ndinatenga sowo yodulira zitsulo, ndinakwera njinga.

Bokosi ndinalidula n'kuliponya pansi. A Tembo anali ndi chigubu choyera cha mafuta ophikira, chopanda kanthu kuyambira kalekale. Ndinachitsuka ndi mchenga, ndinachidula kunsi, ndinachivundikira pa Kachala chozondoka, ndinamanga ndi waya wa mpanda, ndinamata pobowola ndi phula. A Tembo anaima pansi manja m'chiuno.

"Zaka zonsezi mukutinyadira ndi ntchito yaukhondo. Lero mwapachika zinyalala padenga la kampani."

"Lowani mukalembe."

Analowa. Chinkagwira.

2008

Chaka chimenechi mukuchidziwa, munkatitumizira ufa ndi sopo pa mabasi. M'mashopu munalibe kanthu. Koma m'mawa uliwonse ndinkakwera phiri, ndinkatsegula kachipinda, ndinkagogoda, kenako ndinkalemba kuti MWADZUKA. Yankho linkachedwa chifukwa a Tembo zilembo ankazisaka ngati nsabwe. Linkabwera m'chinenero cha kwawo. NAUKA. Tsiku lina NAUKA ANYANI NAONSO. Tsiku lina NAUKA FODYA WATHA CHITANIPO KANTHU. Ndikafunsa za mankhwala ankalemba MKAZI WANGA. Akuba anafika kudamu kangapo. Bokosi lachitsulo lija, limene ndinalisiya pansi, analitenga kukagulitsa. Chigubu sanachiyang'ane n'komwe. Anyani anachinunkhiza n'kuchisiya.

M'mwezi wotentha, mvula isanagwe, ndinalemba MWADZUKA. Palibe yankho. Ndinadikira, poti mwina ali kumapampu. Ndinalembanso. Ndinagogoda. Kompyuta ya kudamu inayankha msangamsanga, mzere ndi mzere, osaphonya. Chikanakhala chosagwira ndikanati ndi makina, ndikanadikira mawa. Koma njira inali yotseguka. Amene sankayankha anali munthu.

Ndinatsika phiri mothamanga, ine wosathamanga. A Dube ndinawapeza pageti.

"Galimoto."

"Dizilo aziko, madala, mukudziwa."

"Makina akuyankha. A Tembo sakuyankha."

Anandiyang'ana. Sanafunse zambiri. Anatenga paipi ndi ndowa, anapita pa jenereta ya wekishopu, anayamwa dizilo ndi pakamwa pawo, analavula, anathira m'galimoto. Anayendetsa okha.

Tinawapeza pansi, pakati pa bedi ndi tebulo. Pakamwa panali patapotoka, dzanja lamanja lili lende. Maso ankaona. Dzanja lamanzere linali litagwira mwendo wa tebulo, ankafuna kudzikoka kuti afike pa laputopu. Pagalasi panali mawu anga, MWADZUKA, MWADZUKA, pansi pake popanda kanthu. Tinawanyamula pamatiresi. Kuchipatala anati tikanafika mawa lake tikanakatenga mtembo.

Anachira, koma osati kwenikweni. Mwendo unkakoka, mawu ankatuluka ngati a munthu wodya mbatata yotentha. Ndinatumiza uthenga kwa mwana wawo wamkulu, ndipo anabwera kuchokera ku Zambia kudzawatenga. Anachita bwino. Ndikanakhala ine mwanayo ndikanachita zomwezo. Tsiku lonyamuka ndinawaperekeza pabasi. Anandikoka malaya ndi dzanja labwino lija, ndinaweramira pafupi. Anavutika nthawi yaitali kuti mawu atuluke.

"Chigubu chija. Ntchito yonyasa."

"Ndamva."

"Musachichotse."

Basi inanyamuka. Sindinawaonenso. Kumudzi kwawo foni sigwira. Mwana wawo analemba kamodzi kuti akukhala pakhonde, akulamula nkhuku.

Kudamu kampani inayamba kutumiza anyamata mosinthana, masana okha. Ndinawaonetsa Chakuda. Anati chilibe zithunzi, chilibe nyimbo. Anachikankhira pakona, koma sanachizimitse, poti ndinawaopseza. Ine ndinapitiriza kukwera phiri. Ndinkagogoda, makina ankayankha. Ndinkalemba MWADZUKA, n'kukhala pang'ono. Ndinkadziwa kuti kulibe munthu. Chala chinkalemba chokha.

Ndinapuma ntchito kumapeto kwa chaka chomwecho. Za bokosi palibe amene anandifunsa. Nyumba anandisiyira kuti ndizikhalamo. Tsiku lomaliza ndinapereka makiyi onse kwa a Dube. Anawayang'ana, anatolapo kamodzi kakang'ono kamkuwa n'kundibwezera. "Aka kalibe loko, madala." Ndili nako. Mayi Nyoni ndinawauza zonse pafoni. Anati, "Ndiye kanagwira ntchito yake." Chigubu ndinamva kuti dzuwa linachiphwanya patapita zaka, ndipo laputopu inafa ndi mphezi. Pano ku damu kuli foni za m'manja.

Ndiye ntchito yanga inali imeneyo. Zambiri zinali mapolo ndi mabokosi, ndipo sizifuna kulembedwa.

Tsopano mverani. Mukamandiimbira n'kumva ndikungoti ndilipo, musamati bambo akwiya. Ndi mawu okwana. Ndalama zimene mumatumiza zimafika, zikomo. Koma Lamlungu lokha silikwana. Ndimagona ndekha, ndipo chitseko ndimakhoma, simungandisinthe. Gawanani masiku. Wina aziimba m'mawa, ngakhale kungoliza n'kudula, ine ndiziliza kubweza. Tsiku limene foni idzalowa koma osabwezedwa, musadzati ndi netiweki. Mudzaimbire a Dube. Kiyi wina wa nyumba ali nawo.